Kabokosi Kochokera ku Joni: Mphatso Kapena Bilu ya Mwezi ndi Mwezi?

Kabokosi koonetsera kanema wa pa intaneti ndi kachipangizo kosaposa chikhatho cha munthu wamkulu, kamene amakalumikiza kuseri kwa TV ndi chingwe cha HDMI. Kena kamaoneka ngati fulashi yonenepa, monga Fire TV Stick ya kampani ya Amazon imene inatuluka mu 2014. Kena n'kabokosi ndithu, monga Mi Box ya Xiaomi ndi timabokosi tambirimbiri topanda dzina lodziwika timene ogulitsa amangoti Android TV box. Sikafuna dishi padenga kapena mlongoti ngati dikoda, chifukwa zithunzi ndi mawu zimadzera pa intaneti. Pochoka m'sitolo kamakhala kasanadziwe mwini wake. Wogula ayenera kukalumikiza ku Wi-Fi, kulowetsa imelo ndi pasiwedi, kutsitsa mapulogalamu, n'kutsegula akaunti kwa oonetsa mafilimu. Ntchito yonseyi ikagwiridwa ndi munthu wina kabokosiko kasanafike kumene kakupita, anthu amati kabwera koseta kale.

M'boma la Rumphi timabokosi totere timalowa m'nyumba zambiri ngati mphatso. Bomali, limene kalembera wa 2018 anapeza kuti lili ndi anthu oposa 229,000, linazolowera kalekale kulandira katundu kuchokera kwa ana ake a kutali. Chiyambire 1894, pamene Robert Laws anakhazikitsa mishoni ya Livingstonia ku Khondowe, ophunzira a kumeneko ankakapeza ntchito kumigodi ndi m'maofesi a ku Zambia, Zimbabwe ndi South Africa, ndipo obwerako ankatsika ndi njinga, makina osokera, galamafoni, kenako wailesi. Lero katunduyo amakwera magalimoto a matransipota ochokera ku Joni, kapena amabwera m'chikwama cha mwana wogwira ntchito ku Lilongwe pa nthawi ya Khirisimasi. Koma njinga ndi makina osokera zinkati zikafika, nkhani yatha. Kabokosi kakafika m'pamene nkhani imayamba, ndipo apa ndi pamene anthu amagawikana.

Oikira kumbuyo mphatsoyi amanena kuti zipangizo zamakono zimavuta tsiku loyamba lokha. Agogo a ku Bolero amene anaphunzira kulandira ndalama pa Mpamba kapena pa Airtel Money sangalephere kudina mabatani anayi a rimoti. Chimene chimawagwetsa ulesi ndi kulemba pasiwedi ya zilembo zazikulu ndi zazing'ono pa rimoti yopanda zilembo, kudikira nambala yotsimikizira yopita ku imelo imene iwo alibe, ndi kuvomereza malamulo olembedwa m'Chingerezi cha maloya. Mwana amene wachitiratu zonsezi ali ku Johannesburg, kumene intaneti ndi yothamanga ndiponso yotsikirapo mtengo, wawasenzera makolo ake mtolo wolemera. Amatsitsiratu mapulogalamu, amachotsa osafunika, amaika poonekera atatu kapena anayi amene akudziwa kuti kwawo adzawafuna. Ochenjera amatumiza limodzi ndi kachipangizo ka MiFi kamene akalumikiza kale ndi kabokosiko, kotero kuti kumudzi amangolowetsamo simukhadi ya TNM kapena ya Airtel, n'kuyatsa. Kwa anthu amenewa, nthawi ndi luso zimene wopereka wathera pokonza ndi gawo la mphatsoyo, ndipo mwina ndilo gawo la mtengo wapatali kuposa pulasitikiyo.

Mfundo yawo yachiwiri ndi ya kalipiridwe. Netflix inayamba kupezeka m'Malawi mu Januwale 2016, koma imafuna khadi yotha kulipira ndalama zakunja. Mlimi wa fodya wa ku Nkhamanga nthawi zambiri alibe khadi yotere, ndipo ngakhale amene ali nayo amakumana ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumene kwasautsa dziko lino kwa zaka zingapo. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse cholipiridwa m'madola chinakwera usiku umodzi. Wachibale wolandira malipiro m'marandi sagwedezeka nazo zimenezi. Akaika khadi yake pa akauntiyo, makolo amaonera osaponda khomo la banki.

Chachitatu ndi zimene zimaonetsedwazo. Mpira uli patsogolo. Gabadinho Mhango, wobadwira ku Chiweta m'boma la Rumphi, anagoletsa zigoli 16 mu ligi ya ku South Africa m'chaka cha mpira cha 2019/20 ali ku Orlando Pirates, n'kugawana mphotho ya wogoletsa kwambiri ndi Peter Shalulile. Anthu a kwawo ali ndi chifukwa chawochawo chofunira kuona masewero a ligi imeneyo, kuwonjezera pa ligi ya ku England imene imadzaza nyumba za vidiyo shoo Loweruka lililonse. Kupatula mpira, nyumba zoulutsa mawu za kuno monga Zodiak, Times ndi MBC zimaika mapologalamu awo pa Facebook ndi pa YouTube. Makwaya, maulaliki, misonkhano ya ndale, ngakhale zithunzi za mwambo wa Gonapamuhanya umene umachitikira ku Bolero, zonse zimapezeka kumeneko. Pafoni amaonera munthu mmodzi kapena awiri atagundanitsa mitu, pamene pa TV banja lonse limakhala pansi n'kuonera pamodzi, ndipo nkhalamba ya maso ofooka nayo imaona.

Amakumbutsanso zimene zinachitika mu Ogasiti 2023, pamene kampani ya MultiChoice inalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi chifukwa cha mkangano ndi bungwe la MACRA pa nkhani ya kukweza mitengo. DStv inabwereranso kumapeto kwa chaka chomwecho khoti litagamula, koma miyezi imeneyo inaonetsa kuti dishi nayo ikhoza kusanduka chokongoletsa denga. Kabokosi, iwo amati, sikadalira kampani imodzi: pulogalamu imodzi ikatsekedwa, zina zilipo. Kamadyanso magetsi ochepa kwambiri, ofanana ndi a babu limodzi la masiku ano, moti sola ya pakhomo imene imakwanitsa kuyatsa TV siimva kulemera kwake.

Otsutsa sakana zonsezi. Iwo amangofunsa za bandulo. Kampani ya Netflix yomwe imanena kuti chithunzi wamba chimadya data yofika 1GB pa ola, chithunzi chowala bwino cha HD chimafika 3GB, ndipo cha 4K chimafika 7GB. Masewero amodzi a mpira, kuphatikiza nthawi yopuma, ndi maola awiri. Banja loonera maola atatu madzulo alionse pa chithunzi wamba lingathe data yoyandikira 90GB pa mwezi. Ku Johannesburg, m'nyumba yolumikizidwa ndi intaneti yopanda malire, palibe amawerengera zimenezi, ndipo n'chifukwa chake wopereka saziganizira. Ku Mhuju kapena ku Katowo intaneti ya pakhomo ndi bandulo yogula pafoni, imene imatha ikatha. Choipa china n'chakuti kabokosi kamadya ngakhale palibe akuonera: kamatsitsa kokha zosintha za mapulogalamu, ndipo YouTube ikasiyidwa imangopitiriza vidiyo ina pambuyo pa inzake mpaka mbandakucha. Dikoda ya GOtv kapena ya Azam ili ndi mtengo umodzi wodziwika pa mwezi, kaya ana aonera ola limodzi kaya tsiku lonse.

Apa mpamene mawu oti mphatso amayamba kukayikitsa. Chuma cha mabanja ambiri a ku Rumphi chimayenda ndi fodya. Ndalama zimaoneka kuyambira Epulo, mabelo akayamba kulowa ku okushoni ya ku Mzuzu, ndipo zimazimirira mvula ikamayandikira, pamene feteleza, malipiro a aganyu ndi fizi ya ana zimafuna kwacha iliyonse. Kabokosi kofika pa Khirisimasi kamafika pa khomo penipeni pa miyezi ya njala. Kamayaka sabata ziwiri wobweretsayo akadali pakhomo n'kumagula bandulo, akangokwera basi kamazima. Makolo ambiri sangaimbe foni kwa mwana amene akutumiza kale ndalama za chimanga n'kunena kuti awonjezere za kanema. Amangoti, “Kali bwinobwino, mwanangu, tikuonera,” kabokosiko katakulungidwa m'nsalu pamwamba pa kabati.

Palinso netiweki ndi magetsi. Rumphi ndi dziko la mapiri: chitunda cha Nyika kumpoto, mapiri a Phoka ndi a Mphompha, zigwa za Henga ndi Hewe, ndi midzi ya m'mbali mwa nyanja monga Mlowe ndi Tcharo imene ili m'tsinde mwa phompho. Netiweki yokwanira kutumiza uthenga wa pa WhatsApp si yokwanira kukoka kanema kwa maola awiri osadukiza, ndipo madzulo, pamene aliyense ali pafoni, ndi pamene imalemera. Pa magetsi, kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinali ndi magetsi, ndipo zambiri mwa izo zinali m'tauni. N'zodabwitsa kuti izi zili chonchi m'boma limene mishoni ya Livingstonia inayatsa magetsi ochokera kumadzi mu 1905. Ngakhale olumikizidwa ku ESCOM sadalira kwenikweni. Chigoli chotchuka chimene Mhango anagoletsa Morocco pa 25 Januwale 2022 chinabwera sabata imene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, n'kuchotsa mphamvu pafupifupi 130 MW zimene sizinabwerere mpaka 2023. Magetsi akathima nthawi yaitali, nsanja za mafoni nazo zimavutika, ndipo kabokosi kamafuna zonse ziwiri nthawi imodzi.

Yankho la oikira kumbuyo n'lakuti zinthu sizikuima malo amodzi. Starlink inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, ndipo kumene yafika, phiri silitchinganso kanthu. Chithunzi chingathenso kutsitsidwa kuti chidye data yochepa, ndipo woseta wanzeru amachitiratu zimenezo. Mfundozi ndi zoona, koma zikukhudza nyumba zowerengeka. Zipangizo za Starlink ndi malipiro ake a pamwezi ndi za malo ogona alendo, mabungwe, ndi anthu a bizinesi zazikulu. Kunena mosabisa, pa gawo ili la mtsutsowu mbali ziwirizi zikukamba za mabanja osiyana. Wina akuganiza za mphunzitsi kapena namwino wa pa boma, wa malipiro a pamwezi, wokhala pafupi ndi nsanja ya foni. Mnzakeyo akuganiza za mayi wamasiye wa ku Hewe. Onse akunena zoona za banja limene ali nalo m'maganizo.

Mkangano wolimba uli pa zimene zaikidwa m'kabokosimo. Kuseta kuli pawiri. Kwina n'kuika mapulogalamu ovomerezeka monga YouTube, Netflix ndi DStv Stream. Kwina, kumene kumagulitsa malonda m'misika ya ku Joni, n'kuika mapulogalamu oonetsa matchanelo mazanamazana, a SuperSport omwe, pa mtengo wochepa kapena ulere. Zithunzi zimenezi ndi zobedwa. Oikira kumbuyo amati wosauka alibe kuchitira mwina, pakuti mtengo wa mpira pa dikoda unakwera mopitirira thumba la anthu wamba, ndipo kampani ya MultiChoice singagwe chifukwa cha nyumba imodzi ya ku Phwezi. Otsutsa amaloza lamulo. Malawi ali ndi lamulo la 2016 loteteza eni ntchito za luso, ndi bungwe la COSOMA loliyang'anira. Kunja nkhaniyi inagamulidwa kale: mu Epulo 2017 khoti lalikulu la mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, pa mlandu wa Filmspeler wochokera ku Netherlands, linati kugulitsa kabokosi koikidwiratu njira zofikira mafilimu obedwa ndi kuphwanya lamulo pakokha. Wolandira mphatso kumudzi kawirikawiri sadziwa n'komwe kuti akuonera zotani, ndipo otsutsa amati kulowetsa kholo lako m'chinthu chimene silikuchidziwa si ulemu.

Kwa amene za malamulo siziwakhudza, otsutsa ali ndi mbiri yoti awakumbutse. Zaka za m'mbuyomu mabanja ambiri m'Malawi ndi m'Zimbabwe anagula madikoda aulere monga a Wiztech, amene ankakoka matchanelo a SABC popanda kulipira. Mu 2013, khoti la ku South Africa litalamula, kampani ya Sentech inatseka zithunzizo kuti zisamaonekenso kunja kwa dzikolo, ndipo anthu anatsala ndi matchanelo a maulaliki. Timabokosi ta masiku ano tili pa chiopsezo chomwecho, mwinanso choposa. Mu 2024 apolisi a ku South Africa, mothandizana ndi MultiChoice, anagwira anthu ogulitsa zoonera zobedwa za Waka TV. Pulogalamu yobera ikatsekedwa kapena ikasintha adiresi, palibe ofesi yokadandaulako, ndipo wodziwa kuikamo ina ali kutali, kutsidya kwa malire a maiko awiri.

Chinanso chimene sichioneka ndi maso ndi chitetezo. Timabokosi totsika mtengo tambiri sitinayesedwe ndi kuvomerezedwa ndi Google, ndipo tina timachoka kufakitale tili kale ndi mapulogalamu oipa. Mu Juni 2025 bungwe la FBI la ku America linachenjeza za chiwembu chotchedwa BADBOX 2.0, ndipo mwezi wotsatira Google inasuma kukhoti ikunena kuti zipangizo zoposa 10 miliyoni zinakhudzidwa. Kabokosi kotere kamagwiritsa ntchito intaneti ya m'nyumbamo pa ntchito za akuba a kutali, mwini wake osadziwa. Kwa banja logula bandulo, ndiye kuti likulipirira ntchito ya munthu wina.

Ngakhale njira yovomerezeka ili ndi zopinga zake. Mu Malichi 2022 MultiChoice inalamula kuti akaunti imodzi ya DStv izionetsa pa intaneti pa chipangizo chimodzi chokha pa nthawi imodzi, ndipo mu 2023 Netflix inayamba kuletsa kugawana akaunti ndi anthu a nyumba ina. Pa nthawi ya lamulo la DStv limenelo, mwana akayatsa mpira ku Johannesburg, bambo ake ku Rumphi ankatulutsidwa. Nthawi zina kabokosi kamapempha nambala yotsimikizira, imene imapita pafoni ya mwanayo ali pa ntchito ya usiku.

Zimenezi zimafikitsa mtsutsowu pa funso limene likuoneka lalikulu kuposa ena onse: kabokosiko n'ka yani? Imelo ndi ya wopereka, pasiwedi ali nayo ndi iye, khadi yolipira ndi yake. Angathe kuona mndandanda wa zimene zaoneredwa kwawo, ndipo akafuna angazimitse zonse ali kutali. Zili ngati mbuzi yosungitsa: ili m'khola mwako, ukuidyetsa ndiwe, koma mwini wake ndi wina. Oikira kumbuyo saona cholakwika, chifukwa pachibale zinthu zimayenda choncho, ndipo paja akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Amatinso kabokosi kamapereka chifukwa choimbirana foni kawirikawiri. Koma moyo wa ku Joni ndi wosapanganika. Ntchito ikatha, kapena munthu akagwidwa wopanda mapepala n'kutsekeredwa ku Lindela podikira kubwezedwa kwawo, khadi ija imasiya kulipira. Ukwati ukasokonekera, kabokosi kopita kwa apongozi kamasanduka chida cha mkangano. Pa mfundo iyi otsutsa akuoneka kuti aponda polimba, makamaka poti vutoli n'losavuta kulipewa: akaunti itatsegulidwa m'dzina la wolandira, pasiwedi n'kulembedwa papepala, chinthucho chimakhala chakedi. Opereka ambiri sachita zimenezi chifukwa kugwiritsa ntchito akaunti yawo yomwe n'kwachidule.

Woseta amasankhiranso anzake zoonera. Mnyamata wokhala ku South Africa amaika zimene iye amakonda, masewero a m'Chizulu monga Uzalo ndi mafilimu a ku America, pamene amayi ake amalankhula Chitumbuka ndipo nkhani zawo amamvera pa Voice of Livingstonia kapena pa Radio Tigabane. Pa Netflix zoonera za m'zilankhulo za kuno ndi zosowa kwambiri. Filimu ya 2019 yonena za William Kamkwamba wa ku Kasungu, imene mbali yaikulu ili m'Chichewa, imatchulidwa kawirikawiri chifukwa ilibe anzake ambiri, ndipo za m'Chitumbuka munthu amazipeza pa YouTube ngati akudziwa kufufuza. Zotsatira zake, mphatso yopita kwa agogo imagwa m'manja mwa adzukulu, amene amadziwa rimoti ndi Chingerezi. Kabokosi ka matchanelo obedwa kalibe mpanda weniweni wotchingira ana ku zolaula, ndipo agogo ogona msanga sangadziwe chimene chikuoneredwa pakati pa usiku. Oikira kumbuyo amayankha kuti foni ya mnyamata aliyense ili kale ndi zonsezo, ndipo TV ya pabalaza ndi yapoyera kuposa foni ya m'bulangete. Yankho limeneli ndi lomveka.

Nkhani ya nyumba imene kabokosi kakakhale ndi yaing'ono koma imabala mawu. Kwa Atumbuka mkazi amakhala kumudzi kwa mwamuna, ndiye katundu wochokera kwa mwamuna wa ku Joni amafika pamudzi pamene pali mkazi wake, makolo ake ndi abale ake. Shuga ndi zitenje zimagawika, kabokosi sikagawika. Nyumba imene kalowa imadzaza alamu ndi ana a oyandikana nawo tsiku la mpira, ndipo mwini nyumbayo ndiye amayang'anidwa bandulo ikatha pakati pa masewero.

Kakawonongeka, okonza alipo ochepa. Anyamata okonza mafoni a pa boma amatha kusintha chaja kapena kubwezeretsa kabokosi mmene kanachokera kufakitale, koma kuchita zimenezo kumafufuta zonse zimene woseta anaikamo, ndipo popanda pasiwedi sizibwerera. Rimoti ikatayika kapena ikafa, yofanana nayo mwina ikapezeka ku Mzuzu, mtunda wa makilomita pafupifupi 70. Komabe timabokosi tambiri ta Android tili ndi polowetsa fulashi ndi memore khadi, ndipo pamenepa mpamene anthu anapezera njira imene mbali zonse ziwiri za mtsutsowu sizinaiganizire. Pa misika monga ya Bolero ndi Phwezi pali anyamata a makompyuta amene amabena nyimbo, makwaya ndi mafilimu otanthauziridwa m'Chichewa pa mtengo wochepa. Fulashi yodzaza siifuna netiweki kapena bandulo, ndipo imaseweredwa kangapo konse mmene banja lingafunire. M'nyumba zambiri zimene bandulo inakanika, kabokosi kopangidwira intaneti kakugwira ntchito imene kale inkagwiridwa ndi DVD, ndipo kamalumikizidwa ku foni ya wina pa masiku a mpira waukulu okha.